Mudzakhala Angati?

Mu lesitilanti yodula, cinthu cimene cimaonongeka msanga kuposa nsomba ndi tebulo. Nsomba ikatsala mumaiika mu furiji, mawa shefu adzaona cocita nayo. Koma tebulo la pa Cisanu madzulo likagona lopanda munthu, lapita. Simungaligulitsenso pa Ciweru. Nchito yonse yosungitsa matebulo, kaya ya m'buku kaya ya pa intaneti, inabadwa cifukwa ca mantha amenewa. Mwini lesitilanti afuna kudziwa amene abwera, nthawi imene abwera, ndi kuculuka kwao. Mlendo nayenso ali ndi mantha ake: kusamba, kuvala za pansi pa sutikesi, kulipira takisi, kufika pakhomo ndi apongozi kumbuyo, n'kuuzidwa kuti malo kulibe.

Ndinakhala pakati pa mantha awiriwa kwa zaka zisanu ndi cimodzi monga wolandira alendo pa lesitilanti ina mu Lusaka, ya mtundu uja wa nsalu zoyera pa tebulo ndi matambula atatu patsogolo pa munthu mmodzi. Pamene ndinayamba tinali ndi buku lalikulu lacikuto cakuda, pensulo ndi foni. Pensulo, osati bolopeni, pakuti anthu amasintha maganizo. Munthu akatuma foni, mphindi ziwiri zinali kundikwanira kudziwa ngakhale zimene sanakambe. Mnyamata wa mau onjenjemera wofunsa za tebulo la pakona, ndiye kuti m'thumba muli mphete. Sekilitale wolankhula mothamanga, ndiye kuti bwana wake safuna bilu ifike pa tebulo alendo akuona. Mai wofunsa ngati pali masitepe, ndiye kuti abwera ndi nkhalamba. Zonsezi ndinali kuzilemba m'mbali mwa dzina, m'tizilembo timene ine ndi maweita tokha tinali kumva.

Kenaka eni ake anagula pulogalamu yosungitsira matebulo pa intaneti. Sindinadane nayo, ndipo mpaka lero sindidana nayo. Buku silinali kuyankha munthu pakati pa usiku, ndipo linali limodzi cabe, moti tsiku limene waini anatayikira pa tsamba la Ciweru tonse tinagwira mtima m'manja. Pulogalamu siigona, siiwala, ndipo imatumiza yokha cikumbutso. Kunja zinthu izi zinayamba kale. OpenTable inayamba ku San Francisco mu 1998, ndipo mu 2014 inagulidwa pa madola 2.6 biliyoni. Resy inayamba ku New York mu 2014, ndipo mu 2019 inagulidwa ndi American Express, kampani ya makhadi olipirira. Zakuti wogula anali wa makhadi si zongocitika. Mapulogalamu a mtundu uwu anakulira kumene munthu wodya kunja amakhala ndi khadi la ngongole m'cikwama ndi imelo imene amaitsegula m'mawa uliwonse. Yathu inali ya kampani ina yaing'ono, koma inasokedwa poyeza thupi la munthu yemweyo. Ife tinangoilandira ngati jekete ya pa salaula: nsalu yabwino, mabatani onse alipo, koma mapewa ndi a mwini wake woyamba.

Patapita miyezi, nditatopa ndi madandaulo amene sindinali kuwamvetsa, ndinakhala pansi kunyumba ndi foni yanga ndi bandulo yanga, osati wi-fi ya pa nchito, kuti ndisungitse tebulo monga mlendo. Ndikhulupirira kuti mwini lesitilanti aliyense afunika kucita zimenezi kamodzi pa mwezi, pa foni yochipa, ali m'minibasi. Tsamba loyamba linatseguka ndi vidiyo ya nyama ikupsa pa makala, yoyamba yokha popanda kuifunsa, ndipo ndinali kumva bandulo ikupsa pamodzi ndi nyamayo. Menyu inali fayilo yolemera yofuna kuikopa yonse, zilembo zake ngati nyerere. Batani losungitsira tebulo linali pansi, kuseri kwa mbiri ya shefu.

Fomu yeniyeniyo inayamba ndi kundifunsa dziko. Lesitilanti ili mu Lusaka, ine ndili mu Lusaka, koma fomu inali itasankha kale United States, ndipo kuti mufike pa Zambia mufunika kutsika ndi cala kupyola dziko lonse lapansi mpaka kutsale Zimbabwe yokha. Inafunsanso postal code, ndipo ndinalemba 10101 monga acitira aliyense mu Lusaka, kaya akhala ku Matero kaya ku Ibex. Inafuna kuti ndipange akaunti ndi pasiwedi yokhala ndi cilembo cacikulu ndi nambala. Munthu ali ndi njala ya pa Cisanu, inu mukumupatsa mayeso. Cimene cinandipweteka kwambiri cinali nthawi. Ife kuno timati 19 hours, 20 hours. Kondakitala amatero, wailesi imatero, mwana wa giredi 3 amatero. Fomu inali ndi AM ndi PM, ndipo popeza pa Ciweru tinali kutsegula m'mawa, 8:00 AM ndi 8:00 PM zonse zinali pa mndandanda umodzi. Apo ndi pamene ndinamvetsa anthu aja amene anali kufika usiku atavala bwino, akundionetsa uthenga wotsimikiza pa foni, koma tebulo lao linawadikira m'mawa.

Izi ndi zazing'ono, ndipo wodziwa makompyuta angazikonze tsiku limodzi asanamwe tiyi wa 16 hours. Cacikulu cili pa funso limene limaoneka losavuta kuposa onse: mudzakhala angati? Kabokosi kake kanali kale ndi nambala 2. Mukakatsegula kanali kufika pa 8, ndipo kupyola apo munali kuuzidwa kutumiza imelo n'kudikira.

Ganizirani mtsikana amene watsiriza maphunziro pa UNZA. Wasunga ndalama miyezi inai kuti pa tsiku lovala gauni atengere makolo ake, amene acokera ku Katete, kumalo kumene sanalowepo cibadwire. Mudzakhala angati? Iye, atate, amai, mlongo wake, ndi anai. Koma pali azakhali a ku Kaunda Square amene anamusunga zaka zonse za sukulu, ndipo azakhali sangabwere osatenga amuna ao. Pali amalume amene anati adzakwera basi ya m'mawa ngati fodya wagulidwa. Pali mnzake wa m'cipinda cimodzi amene makolo ake sanakwanitse kubwera. Mtsikanayu sakubisa kanthu. Nambala yoona ya banja lake ndi "pakati pa asanu ndi atatu ndi khumi ndi mmodzi", ndipo idzadziwika bwino basi ikadutsa pa mlatho wa Luangwa. Tinakula tikumva kuti cakudya sicicepa, cicepa ndi covala, ndipo palibe mwana woleredwa bwino amene angauze amalume ake kuti pepani, kompyuta inalola asanu ndi atatu cabe.

Mu lesitilanti mpando umacepa ndithu, ndipo sindikunena kuti khichini izingolandira aliyense wogwa pakhomo. Koma shefu saopa anthu khumi ndi mmodzi. Amaopa anthu khumi ndi mmodzi amene sanauzidwe. M'buku ndinali kulemba 8+3, ndipo aliyense anali kudziwa cocita: tebulo la asanu ndi atatu pambali pa kena kang'ono kamene kangakankhidwe. Pulogalamu idziwa nambala imodzi. Motero imaphunzitsa anthu kunama. Ena anali kusungitsa matebulo awiri a anthu anai pa maina osiyana, n'kudzapempha kuti tiwalumikize pamene ali mbali ziwiri zosiyana za cipinda. Ena anali kulemba 8 n'kufika khumi ndi awiri, ndipo mkangano unali kucitikira pakhomo, pamaso pa nkhalamba zija za ku Katete, zimene zinali kuyamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kuti zisakhale zolemetsa. Nkhope ya mwana amene akuona makolo ake akucita manyazi pa tsiku limene anafuna kuwalemekeza ndinaiona kangapo, ndipo siicoka m'maso. Fomu yolola munthu kulemba nambala yocepa ndi yoculuka, ndi kumutumira uthenga masana a tsikulo kuti atsimikize, ingathetse zonsezi.

Koma alendo naonso ali ndi mlandu wao, ndipo ndingakhale wabodza nditaubisa. Pamene kusungitsa kunafika pa intaneti, osabwera anaculuka. Kale munthu anali atalankhula ndi ine, anali atamva mau anga, ndipo kusabwera kunali ngati kunamiza munthu. Kudina batani kulibe manyazi. Pa 14 Febuluwale ena anali kusungitsa m'malesitilanti atatu kuti adzasankhe madzulo malinga ndi mmene nkhope ya mkazi ilili. Kwa iwo ndi kucenjera. Kwa ife, shefu anali ataitanitsa kale nsomba za ku Siavonga, maluwa anali atagulidwa, maweita a ganyu anali ataitanidwa. Ndipo wolira kwambiri si mwini lesitilanti. Service charge ya 10 peresenti imene mumaiona pansi pa bilu imacokera pa matebulo amene adya. Tebulo likagona, weita amene adzafunika takisi yopita ku Mtendere pa 23 hours, minibasi zitatha, ndiye waluza.

N'cifukwa cake dipoziti ndimaivomereza. Ku Chicago, Nick Kokonas, amene pa nthawiyo anali mmodzi wa eni lesitilanti yochuka ya Alinea, anafika poti pamene anatsegula lesitilanti ya Next mu 2011 anali kugulitsa matikiti a cakudya, kulipiratu monga za ku bwalo la zisudzo, ndipo kucokera pamenepo panabadwa pulogalamu ya Tock. Ku New York matebulo a malo ena anasanduka katundu wogulitsa pa msika, mpaka mu 2024 boma la kumeneko linakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa malo osungitsidwa popanda cilolezo ca lesitilanti. Ife sitinafike kumeneko, ndipo matikiti sangagwire nchito kwa anthu amene nambala yao imadalira basi ya ku Chipata. Koma kadipoziti kocepa pa tebulo lalikulu kapena pa usiku wa Valentine n'koyenera.

Vuto linali pa njira yolipirira. Fomu yathu inali kulandira khadi lokha. Ndalama za anthu ambiri kuno zimayenda pa Airtel Money ndi MTN MoMo, ndipo ngakhale amene ali ndi khadi la ku banki, ambiri saligwiritsa nchito pa intaneti, mwina silinatsegulidwe, mwina amaopa akuba. Motero dipoziti, imene inabwera kudzasefa osabwera, inayamba kusefa anthu m'njira ina. A m'mabungwe akunja ndi a ku maembasi anali kudutsa bwinobwino. Mai wocita malonda a zovala, wopita ku Nakonde kawiri pa mwezi, amene angagule menyu yonse kucokera pamwamba mpaka pansi, anali kukanidwa. Wina anandituma foni tsiku lina nati, "Ba sister, ndalama nili nazo, manje cinthu canu cikana. Kapena simufuna ise?" Ndinayankha kuti ai amai, timakufunani. Koma fomu inali itawayankha kale ndisanayankhe ine, ndipo eni ake poona malipoti anali kungoona kuti makasitomala a pa intaneti ndi a mtundu umodzi, n'kuganiza kuti ndiwo amene alipo.

Lamulo la dipoziti linati wosintha maganizo pasanatsale maola 48 adzabwezeredwa, wocedwa kunena sabwezeredwa. Lamulo labwino, kupatula kuti maliro sapangana ndi munthu. Kuno maliro akagwa, zonse zimaima, ndipo banja lonse la anthu khumi limene linali kudzadya kwa ife limapezeka ku nyumba ya maliro likuphika nsima ya anthu zana. Pulogalamu inali kudya dipoziti mwakacetecete n'kutumiza uthenga wakuti tinakusowani, bweraninso. Pamafunika munthu wamoyo wokhala ndi mphamvu yobweza ndalama popanda kufunsa kalata ya ku mocale. Ena adzanama za maliro, n'zoona. Ndi ocepa, ndipo bodza limenelo ndi lolemera kwa wolinenayo kuposa kwa ife.

Pali nkhani ya maina. Fomu inali ndi mabokosi awiri, dzina loyamba ndi la bambo, ndipo uthenga wotsimikiza unali kuyamba ndi "Hi" kenaka dzina loyamba, ndi cizindikiro ca cisangalalo kumapeto. Uthenga wotere unafikapo kwa mai wina wopuma pa uhedi wa sukulu, amene ngakhale amuna ao samawachula dzina koma amake uje. Mwana wao ndiye anawasungitsira, ndipo anandiuza akuseka kuti amai anafunsa kuti kodi mwana wosalemekeza ameneyu ndi wa yani. Malo amene amasita nsalu ya pa tebulo ndi kupukuta tambula mpaka iwale sayenera kulonjera mlendo ngati mnzake wa pa Facebook. Kabokosi kamodzi kofunsa kuti "Tikuitaneni bwanji?" kangandiuze pakhomo ngati ndikulandira a dokota, abusa, amfumu kapena munthu amene akonda dzina lake loyamba. Kwa ine kabokosi kameneko n'kofunika kuposa kofunsa tsiku lobadwa, kamene tinali nako ndipo kanali kokakamiza. Zambia ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, ndipo ngakhale lamulolo likanakhala kulibe, sindiona cifukwa cake munthu aulule zaka zake kuti adye nkhuku.

Kumapeto kwenikweni kwa fomu kunali kabokosi ka zopempha zapadera, kang'ono, kosakakamiza, ndipo ambiri anali kukasiya kopanda kanthu. Komatu m'menemo ndi mmene munayenera kukhala zonse zimene ndinali kumva pa foni. Munthu salemba zimene sanafunsidwe, makamaka pamalo amene akuopa kuoneka wakumudzi. Sadzalemba kuti atate ndi a Sabata ndipo sadya nkhumba, kuti mlendo wake adya za halaal zokha, kuti mwana amatupa akadya nshawa, kuti ambuye ayenda ndi ndodo. Mumufunse mwacindunji ndipo adzayankha. Palinso mafunso amene sadzafunsa konse, amene tsamba liyenera kuyankha lokha asanadine batani: mitengo ya zakudya, ngati service charge ili kale m'kati, ngati nsima ipezeka, ndi tanthauzo la mau aja akuti smart casual. Mtsikana wina anandifunsa motsitsa mau ngati amai ake angalowe atavala citenje. Ndinamuuza kuti angalowe, ndipo adzakhala ovala bwino kuposa tonse. Koma ndimaganiza za ena amene anali ndi funso lomwelo, osapeza nambala ya foni pa tsamba, n'kungopita nao amai ao kukadya cipisi ku Manda Hill.

Nambala ya foni, inde: pamene pulogalamu inabwera, inacotsedwa pamwamba pa tsamba n'kubisidwa pansi, kuti anthu azolowere fomu. Cikumbutso naco cinali kupita pa imelo. Mu 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambiri pa tsiku, munthu anali kusunga batire ya foni monga mcere wa pa cilala. Sanali kutsegula imelo. SMS kapena uthenga wa WhatsApp wofuna yankho la liu limodzi, inde kapena ai, unali kuyankhidwa m'mphindi zocepa, ndipo "ai" wofika masana ndi mphatso kwa lesitilanti, cifukwa tebulo lingapatsidwe kwa wina. Cimodzimodzi ndi kucedwa. Pulogalamu inali kumasula tebulo pakapita mphindi 15. Mvula ya mu Januwale ikagwa pa 17 hours, munthu wocokera m'tauni pa Great East Road sangafike m'mphindi zimenezo ngakhale atakhala nduna. Akanakhala ndi podina kuti "ndili m'njira", ndikanadziwa kusiyanitsa wocedwa ndi wosabwera.

Zina mwa izi tinazipambana, pang'onopang'ono, pokangana m'mamiting'i a pa Mande. Nambala ya foni inabwerera pamwamba. Nthawi inayamba kulembedwa monga timaikambira. Zambia inakwera kukhala yoyamba pa mndandanda, ndipo postal code inacotsedwa. Dipoziti ya pa foni inaloledwa, ngakhale kuti poyamba zinali zoti munthu atume ndalama n'kutumiza cithunzi ca uthenga wake kuti ine ndilembe ndi manja. Vidiyo ya nyama inakhalabe, cifukwa inadya ndalama zambiri poijambula.

Za nambala yocepa ndi yoculuka, opanga pulogalamu anayankha mwaulemu kuti palibe lesitilanti ina imene inapemphapo zotere, ndipo adzaziika pa mndandanda wa zamtsogolo. Ine sindikanadikira zamtsogolo, pakuti nyengo ya magauni inali pafupi. Ndinauza manija zimene ndidzacita, iye anagwedeza mutu. Banja likasungitsa tebulo la asanu ndi atatu, ndinali kulitumira foni n'kufunsa monga afunsira munthu: kodi pali ena amene mwina angabwere? Akati alipo, ndinali kusungitsa tebulo la pambali la anthu anai pa dzina lakuti Acibale. Pa 15 hours ndinali kutumanso foni. Amalume akakhala kuti sanakwere basi, tebulo linali kumasulidwa nthawi ikadalipo.

Caka citatha, mwini lesitilanti anabwera ndi lipoti limene pulogalamu inatulutsa, nkhope ili yodabwa. Kasitomala wathu wokhulupirika kuposa onse, wosungitsa kawirikawiri kuposa kampani iliyonse ndi embasi iliyonse, anali Mr Acibale. Koma pulogalamu inali itamuika cizindikiro cofiira cifukwa cosintha maganizo pafupipafupi pa tsiku lenileni, ndipo inali kulangiza kuti asaloledwenso kusungitsa popanda khadi.